Kodi mtsogoleri wakuba tingakamusumire ku The Hague?

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Namwera. Pagulu lathu la aphunzitsi opuma ndi amalonda a pamsika tatopa ndi akuluakulu a ndale amene amamangidwa m'mawa, madzulo ali pa belo, kenako mlandu zii. Tayamba kusonkhanitsa masiginecha m'makope, awiri adzaza kale, kuti titumize ku khoti la ku The Hague likawazenge konko. Kodi zimenezi n'zotheka? Ngati n'zosatheka, kunjaku kuli khomo liti limene anthu wamba ngati ife tingagogode?

Yankho: Aphunzitsi, makope awiriwo muwasunge pouma, ali ndi ntchito. Koma ku The Hague musawatumize. Ndikudziwa kuti si zimene mumafuna kumva, ndipo sindikunena izi kuti ndikugwetseni mphwayi. Ndagwira ntchito ya uloya pa milandu yokhudza chuma cha boma kwa zaka zambiri. Ndakhalapo pa benchi ya khoti kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka, kungodikira kuuzidwa kuti mlandu wayimitsidwanso, choncho kutopa kwanuko ndikukumva. Chimene chingandipweteke n'choti mphamvu za anthu amene anasaina ndi mtima wonse zikathere pa khomo lolakwika.

Khoti la ICC, lozenga milandu ikuluikulu ya pa dziko lonse, limene lili ku The Hague m'dziko la Netherlands, linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Rome la 1998. Linayamba ntchito pa 1 Julayi 2002, ndipo dziko lathu linalowamo chaka chomwecho. Limazenga milandu ya mitundu inayi yokha: kupha anthu pofuna kufafaniza mtundu wawo, nkhanza zazikulu zochitira anthu wamba mwadongosolo, milandu ya pankhondo, ndi kuukira dziko lina. Katangale mulibe. Ofesi yoimira milandu kumeneko imalandira kalata ya munthu aliyense, yanunso ingalandiridwe, koma akangoona kuti nkhani ndi ya ndalama za boma zosololedwa, adzakuyankhani kuti bwalo lawo lilibe mphamvu pa zimenezo. Alipo maloya amene amanena kuti wodya ndalama za mankhwala n'chimodzimodzi wakupha, poti mwana wafa ndi malungo chifukwa cha iye. Mumtima ndimagwirizana nawo. Koma pamalamulo, ICC sinazengepo mtsogoleri aliyense chifukwa choba chuma cha boma.

Kuonjezera apo, khotilo lilibe apolisi akeake, limadalira maboma kuti agwire munthu. Tinaziona tokha kuno. Mu Okutobala 2011 Omar al-Bashir wa ku Sudan, amene khotilo linkamufuna, anabwera ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA n'kubwerera kwawo bwinobwino. Chaka chotsatira boma la Joyce Banda linakana kumulandira, mpaka msonkhano wa African Union umene unayenera kuchitikira kuno unasamukira ku Addis Ababa. Pangano linali lomwelo zaka ziwiri zonsezo. Chinasintha ndi munthu amene anali pampando.

Ganizo lanulo loti pakhale bwalo la maiko onse lozenga atsogoleri akuba, ena akulimenyera kale. Mu 2014 woweruza wa ku America, Mark Wolf, analemba pempho loti pakhazikitsidwe International Anti-Corruption Court. Mu 2016 anayambitsa ndi anzake bungwe la Integrity Initiatives International, m'mene mulinso Richard Goldstone wa ku South Africa, yemwe anatsogolera ntchito yoimira milandu pa makhoti a United Nations a Rwanda ndi Yugoslavia. Maboma monga a Colombia, Netherlands ndi Canada ananenapo poyera kuti ganizoli akugwirizana nalo. Amati khotilo lizilowerera pokhapokha ngati makhoti a dziko la wakubayo akulephera kapena sakufuna kumuzenga. Mtsogoleri wakuba sangasainire pangano lodzimangitsa yekha, aliyense akudziwa zimenezo. Chiyembekezo chawo chili pa maiko amene ndalama zakuba zimakabisidwa: amenewo akalowa, ndiye kuti mlandu wobisa ndalamazo wachitikira pa nthaka ya membala, ndipo khoti lingaugwire. Ine ganizoli ndimalifuna. Koma lero khotilo kulibe, lidakali pa pepala.

Ku Africa kuno tinayandikira pang'ono. Mu Juni 2014 atsogoleri atakumana ku Malabo anagwirizana zopatsa khoti la Africa mphamvu zozenga milandu 14, kuphatikizapo katangale ndi kubisa gwero la ndalama zakuba. M'pangano lomwelo anaikamo ndime yoti mtsogoleri wa dziko ndi akuluakulu ena a boma sangazengedwe ali pampando. Panganoli limafuna maiko 15 alivomereze kuti liyambe kugwira ntchito, ndipo nambalayo sinakwane. Kwathu kuno nakonso gawo 91 la malamulo aakulu a dziko limateteza Pulezidenti kuti asazengedwe mlandu waupandu pa nthawi imene akulamulira. Makolo ananena kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo olemba malamulo ambiri anaonetsetsa kuti mkhatewo ulipo.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Munthu amene wasolola mabiliyoni sangawakwirire onse kuseri kwa nyumba. Amafuna banki yodalirika, nyumba ku London kapena ku Dubai, sukulu ya ana kunja, chipatala cha ku Johannesburg. Ndalama ikangowoloka malire, yalowa pansi pa malamulo a dziko limene yafikako, ndipo kumeneko mkhate wake uja sufika. Atsogoleri ndi nduna amene anagwidwapo kunja anagwidwa choncho, ndi makhoti wamba a maiko amene ndalama zinadutsamo.

Chitsanzo chabwino chili pafupi ndi inu, kungowoloka pa Chiponde. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma la Mozambique, Ematum, Proindicus ndi MAM, anakongola pafupifupi $2 biliyoni kudzera ku nthambi za ku London za mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Nduna ya zachuma, Manuel Chang, inasainira kuti makampaniwo akalephera kubweza, boma lidzabweza, aphungu osafunsidwa. Ankati ndalamazo n'zogulira maboti ophera nsomba za tuna ndi ena olondera nyanja. Maboti anafikadi, koma anangokhala padoko ku Maputo n'kumachita dzimbiri. Msodzi aliyense wa ku Makawa angakuuzeni kuti boti lokhala pagombe silibweza ngongole. Chinsinsi chitaululika mu 2016, IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya kumeneko, metical, inagwa, ndipo amene mumapita kukagula katundu ku Mandimba mukukumbukira mmene anzathu a kutsidya analirira.

Mabungwe omwe si aboma kumeneko, ogwirizana pansi pa dzina la FMO, anasonkhanitsa masiginecha ngati inu, koma anayamba afufuza khomo limene lamulo linatsegula. Malamulo a Mozambique amalola nzika 2,000 kukapempha bwalo loona za malamulo aakulu a dziko kuti liunike zimene boma lachita. Anakwanitsa nambalayo, ndipo mu Juni 2019 bwalolo linagamula kuti ngongole ya Ematum inatengedwa mophwanya malamulo. Mu Meyi 2020 linanenanso chimodzimodzi pa ngongole ziwiri zinazo.

Chang anamangidwa pa 29 Disembala 2018 pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg, ali pa ulendo wa ku Dubai. Amene ankamufuna ndi America, chifukwa zina mwa ndalamazo zinadutsa m'mabanki a ku New York, komanso anthu a kumeneko anagulako gawo la ngongoleyo n'kuluza. Boma la Mozambique nalo linati mutipatse munthu wathu tikamuzenge tokha, ndipo kawiri konse nduna za zamalamulo za South Africa zinasankha kumutumiza kwawo. FMO inakatsutsa ku khoti lalikulu la ku Johannesburg, ponena kuti kwawoko panalibe chitsimikizo choti angazengedwe moona. Mu Novembala 2021 khotilo linalamula kuti apite ku America. Ma apilo atatha, ananyamulidwa mu Julayi 2023, anapezeka wolakwa ku Brooklyn mumzinda wa New York mu Ogasiti 2024 pa nkhani yolandira ziphuphu za $7 miliyoni, ndipo mu Januwale 2025 anapatsidwa zaka zisanu ndi zitatu ndi theka. Ku Maputo komweko, mu Disembala 2022, khoti linagamula Ndambi Guebuza, mwana wa mtsogoleri wakale, kuti akakhale kundende zaka 12. Mu Julayi 2024 khoti la ku London linalamula kampani ya Privinvest, imene inagulitsa maboti aja, kuti ilipire Mozambique ndalama zoposa $825 miliyoni. Werengani makhoti amenewa: Maputo, Johannesburg, Brooklyn, London. Onse ndi makhoti a maiko, ndipo pa malo awiri ofunika kwambiri amene anakankha ndi nzika wamba zokhala ndi maloya.

Ku France anachitanso zofanana. Mu 2007 bungwe la Sherpa ndi anzake anakadandaula za nyumba ndi magalimoto amene mabanja a atsogoleri a Gabon, Congo-Brazzaville ndi Equatorial Guinea anagula ku Paris. Dandaulolo linatayidwa. Anabwereranso ndi Transparency International ya ku France, ndipo mu Novembala 2010 khoti lalikulu kwambiri linavomereza kuti bungwe lolimbana ndi katangale lingathe kukhala wodandaula. Teodorin Obiang, mwana wa Pulezidenti wa Equatorial Guinea komanso wachiwiri wake, anapezeka wolakwa mu Okutobala 2017, analamulidwa kulipira ma euro 30 miliyoni ndi kulandidwa katundu, ndipo apilo yake yomaliza inagwa mu Julayi 2021. Zaka 14, ndipo ndende sanailowe. James Ibori, amene anali gavanala wa Delta State ku Nigeria, khoti la kwawo linamuchotsera milandu 170 mu 2009, koma mu 2012 anavomera yekha mlandu ku London n'kupatsidwa zaka 13. Mlandu suola, ngakhale umachedwa zedi.

Nkhani ya ku Zambia ndiyo imandichenjeza. Mu Meyi 2007 khoti la ku London linapeza kuti Frederick Chiluba ndi anzake anapatutsa $46 miliyoni za boma. Mu 2009 khoti la ku Lusaka linamumasula pa mlandu waupandu, ndipo mu 2010 khoti lalikulu la Zambia linakana kulembetsa chigamulo cha ku London kuti chigwire ntchito kumeneko. Chigamulo cha kunja chimafika pamalire n'kuima ngati kwanu palibe wochilandira.

Kwathu kuno njira ya kunjayi si yachilendo. Pa Cashgate ya 2013 akatswiri a Baker Tilly, olipidwa ndi boma la Britain, ndi amene anafufuza mabuku, n'kupezeka kuti pafupifupi K24 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi. Mu 2021 bungwe la National Crime Agency la ku Britain linamanga wamalonda Zuneth Sattar pofufuza makontirakiti ake ndi boma lathu, n'kugawana zimene linapeza ndi ACB. Iye wakhala akukana kulakwa kulikonse. Mu Epulo 2024 boma la America linaletsa akuluakulu anayi akale a boma lathu kulowa m'dzikolo pa zifukwa za katangale. Chiletso chotere si chigamulo cha khoti, koma chimaluma. America ili ndi lamulo la Global Magnitsky la 2016, Britain inakhazikitsa lake mu 2021, ndipo malamulo amenewa amalola kutseka maakaunti ndi kumana munthu visa. Ndi amene anagwiritsidwa ntchito pa abale a banja la Gupta a ku South Africa. Mabungwe omwe si aboma amaloledwa kupereka maina ndi umboni kwa maboma amenewa.

Musaganize kuti a kunjawo ndi angelo. Mabanki awo ndi amene amalandira ndalamazo, ndipo chindapusa chambiri chimatsalira kwa iwo omwe. Mu 2021 Credit Suisse inalipira pafupifupi $475 miliyoni kwa akuluakulu a America ndi Britain, pamene Mozambique inangokhululukiridwa ngongole ya $200 miliyoni. Amasankha milandu malinga ndi ndale zawo, ndipo ndalezo zimasintha: mu Febuluwale 2025 boma la America linaimitsa kaye kugwiritsa ntchito lamulo lake la 1977 loletsa makampani kupereka ziphuphu kunja. Ndalama zikabwezedwa zimathanso kubedwa kachiwiri. N'chifukwa chake pamene Switzerland inkabweza $321 miliyoni za Sani Abacha, mtsogoleri wakale wa Nigeria, mu 2017, inagwirizana ndi Nigeria ndi World Bank kuti zipite kwa mabanja osauka mwezi ndi mwezi, ngati Mtukula Pakhomo wathuyu, mabungwe a nzika akulondoloza.

Dziko lathu linavomereza mu 2007 pangano la United Nations lolimbana ndi katangale, UNCAC, limene chaputala chake chachisanu chimanena kuti chuma chobedwa chibwezedwe kwa eni ake. Koma wopempha dziko lina kuti litseke akaunti kapena litumize zikalata za banki ndi boma, kudzera mwa akuluakulu ake a zamalamulo. Inu ndi ine sitingalembere banki ya ku London n'kuyankhidwa. Choncho makope anu aja adilesi yake yoyamba ndi Lilongwe. Alembeni mutu watsopano, anthu aumve ndi kuuvomereza, ndipo pempho likhale lolunjika moti nduna isathe kulizemba. Boma linene poyera kuti latumiza mapempho angati ku maiko ena pa chuma chobedwa, ndipo zabwerako zingati. Ndalama zobwezedwa ziikidwe pa akaunti yakeyake imene Nyumba ya Malamulo ndi nzika zingaione. Malawi alowe m'gulu la maiko amene akukambirana za khoti la katangale lija. Perekani kwa phungu wanu pamaso pa mafumu ndi atolankhani, asainire kuti walandira, ndipo mumuuze tsiku limene mudzabwere kudzamva yankho. Masiku a 11 Julayi ndi 9 Disembala, okumbukira nkhondo yolimbana ndi katangale ku Africa ndi pa dziko lonse, mawailesi amakhala akusaka nkhani ngati yanuyi.

Koma ntchito yaikulu imene gulu lanu lingagwire, imene loya wa ku London sangaithe, ndi umboni. Wofufuza wa kunja amaona kuti ndalama zinalowa mu akaunti yakuti tsiku lakuti. Chimene sangaone ali kumeneko n'choti mjigo umene unalipiridwa sunakumbidwe, kapena kuti chipinda chophunziriramo chinathera pa mawindo. Popanda umboni woti ndalamazo zinachokera ku mlandu, khoti la kunja silingazilande. Tsiku lina ndinali pa msonkhano pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Abambo analankhula nthawi yaitali mokwiya, koma ndikafunsa tsiku kapena nambala, aliyense ankayang'ana mnzake. Kenako mayi wina, msungichuma wa komiti ya sukulu, anamasula jumbo n'kutulutsa kope la masamu la mwana wake, chikuto chitathothoka. Kumasamba akumapeto analemba ndi pensulo tsiku lililonse limene lole inabwera, nambala ya loleyo, matumba a simenti amene anatsitsidwa, ndi amene analandira. Onse pamodzi anali matumba 60. Mapepala a ku ofesi ankanena 200. Pa zonse zimene zinanenedwa tsiku limenelo, kope lija lokha ndi limene ndinatha kupita nalo patsogolo.

Inu ndinu aphunzitsi, kusunga rejisitala mumakudziwa. Gawanani ntchito. Jambulani chikwangwani cha pulojekiti iliyonse chisanazulidwe, poti pamakhala dzina la kontirakitala, mtengo ndi tsiku lomaliza. Lembani kalata ku khonsolo kupempha mapepala a CDF ndi ndalama zina za chitukuko. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo amene akukanizani mukamunenere ku Malawi Human Rights Commission. Sungani kope la kalata iliyonse yodindidwa. Mukapeza chogwirika, pitani nacho ku ACB, ofesi yapafupi ili ku Zomba, ndipo mugawireko mabungwe ndi atolankhani ofufuza amene ali ndi anzawo kunja, chifukwa kontirakitala amene anathawa mjigo wanu akhoza kukhala nthambi ya kampani imene mwini wake weniweni ali ndi nyumba kutsidya la nyanja. Ana anu ambiri a ku Mangochi ali ku Joni. Ku South Africa mwini wa nyumba amadziwika pofufuza ku Deeds Office ndi kandalama pang'ono, ndipo ku Britain kaundula wa makampani, Companies House, ali pa intaneti mwaulere. Achite zimenezi mwakachetechete, osaika moyo kapena ntchito zawo pachiswe. Ndipo chonde, musalembe pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti uje ndi mbava musanakhale ndi pepala m'manja. Akakusumirani, nkhani idzachoka pa ndalama n'kukhala ya inuyo.

China chimene ndaona chikupha magulu ngati lanu ndi chipani. Ngati maina onse amene mukudandaula nawo ndi a mbali imodzi, anthu a kunja amazindikira msanga n'kukuikani pambali, ndipo anansi anu nawo amasiya kukukhulupirirani. Funsanani moona mtima ngati mudzapitiriza tsiku limene umboni udzaloze mwana wa kwanu konko, amene anakumangirani mzikiti kapena tchalitchi. Zimene mukufuna zikhale zoti mlandu uzengedwe n'kutha, aliyense amene akuzengedwa. Mlandu wa K1.7 biliyoni wa mtsogoleri wakale Bakili Muluzi, umene iye ankaukana, unakhala m'khoti kuyambira 2009 mpaka unathetsedwa mu 2023 popanda chigamulo. Kuchedwa kotero kumalakwira dziko, kumalakwiranso wozengedwayo, poti palibe amene anamva khoti likunena kuti zoona n'ziti.

Lilipo bwalo limodzi la kunja limene Mmalawi angalifikire yekha. Mu 2008 dziko lathu linavomereza kuti nzika ndi mabungwe azitha kukasuma mwachindunji ku khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, limene lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo ndi maiko ochepa okha amene anachita zimenezi. Khotilo silimanga munthu, limazenga boma, ndipo limafuna kuti muyambe mwatha njira zonse za makhoti a kuno. Koma ngati mungaonetse kuti ana a kwanu analandidwa ufulu wa maphunziro kapena wa chithandizo cha mankhwala chifukwa ndalama zinadyedwa boma likuonerera, umenewo ndi mlandu umene loya wa za ufulu angaunyamule. Funso lake loyamba lidzakhala la masiku, manambala ndi makalata amene munalemba, choncho pa msonkhano wanu wotsatira gulani kope lachitatu, musankhe mlembi, ndipo muyambe ndi pulojekiti imodzi yokha imene nonse mumaidutsa popita kumsika.